Ufa wa ku Sozibele

Anthu a ku Limbe amene ankamudziwa Gervazio amagwirizana pa mfundo ziwiri: kuti mutu wake unkagwira ntchito, ndiponso kuti mutuwo unamera pa munthu wolakwika. Nzeru anali nazo, zimenezo sitingamumane. Koma anali munthu woti asanakupatse moni ankayamba wayang'ana kumapazi kwako, ndipo akapeza kuti ulibe nsapato moniwo unkatuluka wowonda.

Anabadwira m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Makolo ake anali Alomwe amene anawoloka malire wapansi pothawa chibalo cha Apwitikizi, atasenza mphasa ndi mphika basi. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Anatsala ndi amayi ake, a Mwanakombo, mayi wamfupi wa mphini kumaso, amene dzina lawo linachokera kutali kunyanja yamchere, ndipo Chinyanja chawo chinkapunthwa mpaka tsiku la imfa yawo. Mayiwa anathyola tiyi, anaumba miphika, anasenza nkhuni za anthu, mpaka mwanayo anaphunzira kulemba ndi kuwerenga kusukulu ya ansembe. Atakula n'kupeza ntchito yosesa pa galaja ina ku Limbe, anabwera nawo amayi akewo, ndipo anamanga kanyumba ka zidina kumunsi kwa nkhalango ya Kanjedza. Zimenezi zinachitika m'zaka zoyambirira za Chitaganya, pamene magalimoto akuluakulu ochokera ku Rhodesia anayamba kudzaza misewu.

Pa galaja paja ntchito yake inali kukolopa oyilo. Oyilo wakutha, wakuda bii, amene amakaniko ankakhetsa m'magalimoto, ankamutayira m'dzenje kuseri. Gervazio ankabwerera kunyumba ovololo ikununkha, ndipo popeza sopo anali wosowa, amayi ake ankaichapa ndi mtsiro, dothi losalala lija limene amayi amazirira nyumba. Ankakalikumba pa nkhuti ina, dzenje lokumbamo dothilo, m'mphepete mwa kamtsinje ka kumeneko.

Aliyense amene anatsukapo mbale amadziwa kuti mafuta ndi madzi sizimvana. Ungazitakase mpaka mkono kuwawa, ukangosiya mafuta amasonkhana n'kukwera pamwamba. Koma tsiku lina a Mwanakombo anaiwala kutaya madzi ochapira aja, ndipo patapita masiku Gervazio anapeza kuti m'beseni muja oyilo sanakwere. Zonse zinali zitasanduka chinthu chimodzi, chotuwa, chokhuthala ngati phala la mawere. Wina akanangotaya. Iye anatapa pang'ono pa phale la botolo, n'kukaliyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu la mwini galaja. Anaona timadontho ta oyilo tambirimbiri, kalikonse katakutidwa ndi fumbi la mtsiro, moti ngakhale tinkagundana sitinkatha kulumikizana. Dothilo ndilo linkatilekanitsa, ndipo likatilekanitsa tinkangokhala m'madzimo osakwera.

Zotsala m'beseni muja anazipaka m'munsi mwa khoma la khitchini. Mvula itabwera inanyambita makoma onse a m'deralo monga inkachitira chaka ndi chaka, koma pamene anapaka paja madzi ankangotsetsereka ngati pa tsamba la koko. Chiswe nachonso chinkafika pamenepo n'kubwerera.

Ganizirani tsopano: oyilo wa ulere kuseri kwa galaja, madzi a mumtsinje, dothi la Mulungu. Ndipo Limbe yense, Bangwe, Ndirande, konse kunali nyumba za zidina zimene zinkadyeka m'munsi dzinja lililonse. Gervazio anayesayesa mpaka anadziwa muyeso wake, n'kuyamba kugulitsa chinthucho ngati penti. Mtsiro unkafunika kuuyanika, kuusinja mumtondo, n'kuusefa pa nsalu, chifukwa wa miyala umangomira osagwira kanthu. Unkafunika kuyamba wasungunuka m'madzi, kenako oyilo n'kumathiridwa pang'onopang'ono wina akutakasa ndi mthiko waukulu. Kukumba, kusinja ndi kusefa inali ntchito ya a Mwanakombo. Kutakasa pamaso pa anthu, atapinda malaya mpaka m'zigongono, inali ntchito ya Gervazio.

Apa ndi pamene munthuyu anayambira kuwola. Anazindikira kuti palibe angalipire dothi limene agogo ake amazirira pansi. Choncho anatolera zitini za mabisiketi, zija zojambulidwa nyumba za ku Ulaya, n'kumathiramo mtsiro wosefawo. Akafika pa nyumba ya munthu ankatsegula chitinicho mochita kubisa, n'kunena motsitsa mawu kuti umenewu ndi ufa wa ku Sozibele, likulu la Chitaganya, ndipo umabwera pa sitima. Anthu anakhulupirira. Ena mwa iwo anali omwe aja ankatukwana Chitaganya pa misonkhano mpaka mawu kusasa, koma akangomva kuti chinthu chachokera ku Sozibele ankavula chipewa. Mwamuna wina ananunkhiza ufawo n'kunena kuti ukumveka fungo la chizungu, pamene mkazi wake anali atazira khonde ndi dothi lomwelo m'mawa wa tsikulo.

Ntchito ya pa galaja anaisiya. Anagula njinga, anagula suti kwa khukhi wa mzungu wina, ndipo dzina loti Gervazio linayamba kumuyabwa chifukwa linkanunkha Chipwitikizi. Anadzitcha a Javisi. Chilomwe anachilavula. Amayi ake akamuyankhula m'chinenero chimene anamuyamwitsira, iye ankayankha m'Chinyanja chothira timawu ta Chingerezi, ngati akuyankhula ndi munthu wopempha njira. Anamanga nyumba yatsopano ya malata kutsogolo, ndipo mayiwo anawasiya m'kanyumba kakale kuseri, pamodzi ndi mtondo wawo. Wobwera kudzagula penti akafunsa za kugunda kwa musi, Gervazio ankakweza dzanja mopeputsa n'kunena kuti ndi mayi wina wothandiza ntchito. A Mwanakombo ankamva zimenezi, poti khoma la zidina silibisa mawu, koma musi sunkaleka kugunda.

Gervazio anamuona koyamba Vailet pamene ankapaka nyumba ina kuseri kwa Chichiri. Anali mtsikana wamtali, wa mawu ochepa, wophunzitsa ana a kalasi yoyamba, ndipo akakuyang'ana ankakuyang'anadi. Tinene zoona: Gervazio anamukonda. M'moyo wake wonse wonamizira, chinthu chimodzi chokha chimene sichinali chabodza chinali chimenechi. Ankadzera njira yotalika kuti angomuona akutuluka kusukulu, ndipo akamupatsa moni Chingerezi chonse chija chinkathawa. Atamufunsira, Vailet anamuzungulitsa miyezi ingapo, kenako analola, ndipo analandira chikole, mpango wofiira wa maluwa oyera.

Vuto linali bambo a mtsikanayo, a Paston. Amenewa anali kalaliki mu ofesi ina cha ku Mandala komanso mkulu wa mpingo, munthu woyenda ndi zolembera m'thumba la malaya ngakhale popita kuchimbudzi. Ankakonda kukumbutsa anthu kuti agogo awo anali m'gulu loyamba kubatizidwa kumishoni, ngati kuti anawabatiza ndi iwowo. Alomwe ankawatchula ndi dzina lachipongwe lija loti Anguru, ndipo akalitchula ankakwinya mphuno. Gervazio atamva zimenezi sanapse mtima monga akanachitira mwana wa munthu. Anasiya tchalitchi cha ansembe n'kuyamba kupemphera kwa a Paston, ngati munthu wosintha malaya.

"Kwanu n'kuti, mnyamata?" anafunsa a Paston tsiku limene anakaonekera.

"Ku Zomba, bambo. Makolo anatha onse. Ndinangotsala ndi amalume."

Amalumewo anali Jailos, makaniko wa pa galaja paja, amene anali ndi mimba yaulemu ndi mawu okhuthala, ndipo anavomera kukhala nkhoswe pomulonjeza mowa wa pa ukwati.

Kamodzi Vailet anadzera kunyumba kwa Gervazio ali ndi msuweni wake, masana, osayembekezeka. Anapeza a Mwanakombo akusefa, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Mayiwo anadzuka msangamsanga n'kulowa m'kanyumba kawo. Pobwerera, Gervazio akumuperekeza, Vailet anafunsa kuti, "Mayi aja ndi ndani?"

"Musavutike nawo amene aja."

"Sindikuvutika nawo. Ndangofunsa."

Gervazio analoza galimoto yatsopano imene inkadutsa n'kuyamba kufotokoza za injini yake. Vailet sanafunsenso, koma anamuyang'ana kuyang'ana kwake kuja.

Chinkhoswe anachiika mwezi wa Okutobala. Atamva kuti achibale a Vailet akufuna kudzaona kumene mwana wawo adzakhale, Gervazio anapita kuseri n'kuimirira pakhomo la kanyumba kaja, osalowa, kuopa kudetsa suti.

"Amayi, mupite kaye ku Thyolo mukaone abale. Mwatopa nayo ntchito."

A Mwanakombo anamuyang'ana. Sanali opusa. Nkhani ya mtsikana wa ku Chichiri anaimva kalekale kwa amayi anzawo ku nkhuti.

"Ndipita, mwananga," anatero. "Koma zitini zatsala pang'ono kutha. Ndisinjeko kaye."

"Zimenezo n'zanga. Sitima ndi ya mawa."

Anawakweza sitima atavala nsalu yatsopano imene anawagulira, ndipo pobwerera ankaimba mluzu, akudziyesa mwana wabwino chifukwa cha nsaluyo.

Sabata ya chinkhoswe itafika, a Paston anamuitanitsa. Anati mkamwini amayamba waonetsa manja ake kwa apongozi, ndipo popeza anthu akutama penti wake, apake nyumba yawo yonse kuzungulira, makamaka pakhonde pamene padzakhale alendo. Kunena zoona a Paston ankangofuna penti wa ulere, koma anaukulunga mu mwambo. Gervazio anavomera akumwetulira. Atafika kunyumba n'kutsegula zitini, anapeza mtsiro wosakwana n'khoma limodzi lomwe.

Nkhuti ankaidziwa, sikunali kutali. Anatenga thumba n'kulibisa m'jekete, n'kutsetsereka kumtsinje. Ali chapatali anamva kuseka kwa amayi. Analipo ambiri, ena m'dzenje mpaka m'chiuno, ena akudzaza madengu, ndipo onse ankayankhula Chilomwe. Mmodzi anamuona n'kufuula kuti, "Si mwana wa Mwanakombo uyo? Wabwera kudzazira?" Onse anafa nacho chiseko. Mwamuna sapezeka pa nkhuti ya mtsiro, imeneyo ndi ntchito ya akazi, ndiye kuli bwanji mwamuna wa suti. Gervazio ananamizira kuti akufunafuna njira ya ku siteshoni, n'kubwerera makutu akutentha.

Akanatha kutuma mmodzi wa amayiwo kuti amukumbire n'kumusinjira. Koma akanatero, pofika madzulo Limbe yense akanadziwa kumene sitima ya ku Sozibele imatsitsira katundu wake. Akanatha kulawira m'mamawa n'kukumba yekha, koma maganizo akuti wina angakumane naye atasenza dothi anamugwetsa mphwayi. Munthu amene anatulukira yekha mmene fumbi limagwirira oyilo m'madzi analephera kusenza thumba la dothi mtunda woti mwana amathamanga osapuma.

M'malo mwake anagula mitanda ya sopo n'kuipala ndi mpeni. Ankadziwa bwino lomwe kuti sopo amagwirizanitsa oyilo ndi madzi kwa kanthawi chabe, ndiponso kuti madzi akauma pakhoma sipatsala kanthu kogwira oyiloyo. Anali atayesapo kale. Koma anadziuza kuti chinkhoswe ndi tsiku limodzi, zotsala adzakonza atakwatira. Lachisanu kunali mitambo, ndipo anapaka nyumba yonse, a Paston akumuyang'anira manja ali kumbuyo. Khoma linatuluka losalala, lonyezimira kuposa masiku onse, moti a Paston anaitana anansi kuti adzaone mmene ufa wa ku Sozibele umachitira ukafika pa nyumba yoyenera.

Loweruka dzuwa linatuluka lolusa, dzuwa la Okutobala loswa mtengo. Alendo anadzaza pakhonde, akuluakulu pa mabenchi otsamira khoma, amayi pa mikeka. A Paston anavala suti yawo yoyera ya pa Mgonero. Jailos anaimirira n'kuyamba kufotokoza za banja lolemekezeka la ku Zomba, ndipo ankanama mokoma moti ngakhale iye yemwe wonamayo misozi inalengeza m'maso. Gervazio anakhala pampando wake, maso ali pa Vailet, amene anali atavala mpango wofiira uja kumutu. Mtima wake unadzaza. Chimene ankachifuna chinali pamenepo, potalika ngati kutambasula dzanja.

Choyamba kumveka linali fungo. Anthu anayamba kununkhiza n'kumayang'ana kumsewu, poganiza kuti pali galimoto imene yawonongeka. Kenako khoma linayamba kutuluka thukuta lakuda. Timadontho tinasonkhana, tinalumikizana, n'kuyamba kutsika m'mizere mpaka pansi. Azakhali a Vailet, amene anatsamira khoma kuyambira m'mawa, anafuna kudzuka, ndipo bulauzi yawo inamatuka ndi kaphokoso. A Paston anatembenuka kuti aone chachitika, ndipo apo anthu onse anaona msana wa suti yoyera ija. Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Jailos anaiwala pamene anafika, n'kubwereza za agogo a ku Zomba amene anali atawaika kale m'manda.

"A Javisi," anatero a Paston, "n'chiyani chimenechi?"

Gervazio anayamba kufotokoza kuti mwina ku Sozibele anatumiza ufa wa nyengo yozizira. Akadali pakati pa bodzalo, anthu a kumapeto kwa khonde anatembenukira kumpanda.

A Mwanakombo anali ataima pamenepo, dengu lili pamutu, thukuta likuyenderera m'mphini zawo. Ku Thyolo kuja nkhani ya zitini zopanda kanthu inawasowetsa mtendere. Anabwerako osauza munthu, anadzera ku nkhuti, kumene anamva kuti mwana wawo anafika n'kubwerera chimanjamanja, ndipo anayanika, anasinja, anasefa kwa mnzawo wina, n'kufunsira njira ya ku Chichiri. Ankaganiza zongosiya dengulo kuseri kwa khitchini n'kuchoka munthu asanawaone. Koma nyumba ya a Paston inalibe njira ya kuseri.

Anaona khomalo, ndipo anamvetsa zonse. Anaonanso anthu, ndipo anafuna kubwerera, koma kunali kutachedwa.

"Kodi Mnguru ameneyu akufuna chiyani pano?" anafunsa a Paston, okondwa kuti apeza pothira mkwiyo.

Vailet anadzuka pa mkeka. Sanayang'ane bambo ake, sanayang'anenso khoma. Anayenda mpaka kumpanda, anathandiza mayiwo kutula dengu, ndipo nsalu yovundikira itasuntha anthu apafupi anaona ufa wotuwa uja, umene ambiri a iwo anauonapo m'zitini za mabisiketi. Kunong'ona kunayamba kuyenda pa mikeka. Vailet anatembenuka.

"A Javisi, tsiku lija ndinakufunsani simunandiyankhe. Ndikufunsaninso pamaso pa anthu. Mayi awa ndi ndani?"

Panalibe chovuta pa funsoli. Nkhope ziwirizo zinali nkhope imodzi: mphumi yomweyo, mpata womwewo wa m'mano, makutu ang'onoang'ono omwewo. Ngakhale azakhali a bulauzi yakuda aja anali ataona kale. Bodza la ufa linali litafa, la ku Zomba linkapuma mothatha. Chimene chinatsala chinali mawu amodzi, ndipo mtsikanayo anaima pamenepo kuwadikira, maso ake akuchita ngati akumupempha. Gervazio anayang'ana Vailet, kenako anayang'ana a Paston ndi zolembera zawo.

"Ndi wantchito wanga," anatero. "Amandisenzera katundu."

A Mwanakombo anaweramitsa mutu, kenako anagwada pa fumbi n'kuwomba m'manja mwaulemu, kuyang'ana kwa a Paston.

"Eya, bwana," anatero m'Chinyanja chawo chopunthwa. "Ine wantchito wawo. Ine ndachedwa nawo ufa. Kulakwa kwanga, si kwawo ayi."

Amayi ena pa mikeka anaphimba kumaso ndi nsalu. Jailos, munthu amene anabwera kudzanama polipidwa mowa, anatola chipewa chake n'kutuluka pa mpanda osatsanzika.

Vailet anagwada moyang'anizana ndi mayiwo n'kuwapatsa moni wa manja awiri, moni wopatsa apongozi. Atatero anamasula mpango wofiira uja, anaupinda bwinobwino, n'kukauika pa bondo la Gervazio.

"Khomali likanakonzeka," anatero motsitsa mawu. "Za kwanu ndinazidziwa tsiku lomwe lija, ndipo bambo ndikanalimbana nawo ndekha. Koma ngati awa ndi antchito, ine mudzandiyesa chiyani?"

Analowa m'nyumba. A Paston anatsala akukalipa za suti ndi za khoma, osazindikira n'komwe kuti mwana wawo wanena chiyani. Alendo anabalalika awiriawiri, nkhani ili m'kamwa. Pamene Gervazio ankakankha njinga yake kutuluka, amayi ake anali atapempha kale ndowa ya madzi kukhitchini, akusungunula mtsiro kuti khoma la anthu lisatsale lotero.

Mungaganize kuti munthu zikamuchitikira zoterezi amasintha. Gervazio anangotsitsa mtengo wa penti. Anthu anamuseka mwezi umodzi, koma mvula itayandikira anabweranso, chifukwa pentiyo ankagwiradi ntchito, ndipo amene anayesa kusakaniza okha anapeza kuti muyeso ndi kasefedwe si zamasewera. Zitini za mabisiketi sanazitaye. Amayi ake anabwerera m'kanyumba kawo, ndipo awiriwa sanakambiranepo za tsiku lija. Mpango uja anausunga pansi pa sutikesi, ndipo nthawi zina ankautulutsa n'kudzimvera chisoni, ngati kuti wina ndiye anamulakwira.

Chaka chotsatira boma linamanga anthu ambiri a ndale n'kuwatsekera ku Kanjedza, kuseri kwa waya waminga. Gervazio boma silinamukayikire n'komwe, poti panalibe amene akanakhulupirira kuti munthuyu angavutikire chinthu china chilichonse. Amene anavutika ndi a Mwanakombo, chifukwa njira yachidule ya ku nkhuti inayamba kuopsa ndi asilikali, ndipo ankazungulira kutali ndi dengu pamutu. Fumbi la zaka zonse zija linali litawakhala m'chifuwa. Anayamba kutsokomola, musi unayamba kugunda modukizadukiza, ndipo dzinja lina unaleka. Pa maliro Gervazio analira mokweza kuposa aliyense, ndipo amayi a ku nkhuti, amene anasambitsa mtembo, ankangomuyang'ana.

Nthawi imeneyo mphepo inali itatembenuka. Chitaganya chinali kupita kumanda, aliyense ankafuula za dziko lathu ndi zinthu zathu, ndipo dzina la Sozibele linasanduka chitukwano. Gervazio sanachedwe. Zitini za mabisiketi anazipaka utoto, dzina la Javisi analivula, ndipo anatsegula kashopu pafupi ndi msika wa Limbe. Mtsiro tsopano ankagula poyera kwa amayi a ku nkhuti, n'kumauika m'dengu pakhomo kuti aliyense aone. Pamwamba pa chitseko analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti PENTI WA MWANAKOMBO, DOTHI LATHU. Wogula aliyense ankamufotokozera, dzanja lili pachifuwa, za amayi ake okondedwa amene anawoloka malire wapansi, ndipo pena ankaponyamo mawu a Chilomwe, ngakhale ankawatchula mokhota chifukwa chosawagwiritsa ntchito.

Vailet anali atakwatiwa ndi Vitalis, wothira malasha m'sitima, Mlomwe wa ku Thyolo komweko, wa m'malaini oyandikana ndi amene Gervazio anabadwira. A Paston anakana, ananyanyala chakudya, anatchula agogo obatizidwa aja, koma mwana wawo sanasunthe, ndipo pa ukwati anapezekapo atavala suti ina. Nkhani imeneyi Gervazio anaimva, ndipo ankayesetsa kusaiganizira.

Tsiku lina masana, m'miyezi yomaliza ya Chitaganya, anaona Vailet akuchokera mumsika. Anali ndi mwana kumbuyo, ndipo ankayenda pang'onopang'ono atagwira dzanja mayi wokalamba wa mphini kumaso, apongozi ake, akuseka nawo m'Chilomwe chophunzira. Atafika pa kashopu paja anaima. Gervazio anatuluka msanga akupukuta manja, ndipo anayamba kukonza pakamwa moni wautali.

Vailet sanamuyang'ane kaye. Anawerenga chikwangwani chija mpaka kumapeto, kenako anayang'ana dengu la mtsiro pakhomo.

"Dzina lokongola," anatero. "Ndi antchito anu aja eti?"

Sanadikire yankho. Anakonza mwana kumbuyo, anagwiranso dzanja la apongozi ake, n'kuwawolotsa msewu mosamala. Gervazio anatsala pakhomo, pansi pa dzina la amayi ake, mpaka wogula wina anamufunsa kachiwiri ngati muli munthu m'shopumo.